Dimba la agogo landikulira, ndiyambire pati?

Mdzukulu wa ku Linthipe

Wawa akuluakulu. Ndabwera kudzapempha nzeru ndisanataye khasu.

Ine ndinakulira ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo khasu ndinkaligwira kusukulu pokhapokha ndikapatsidwa chibalo. Ntchito itatha m'tauni chaka chatha, ndinabwerera kwawo kwa amayi kufupi ndi Linthipe. Mvula itangosiya, amalume anandilozera dimba limene ankalima agogo aakazi kudambo. Chimwalirire agogowo patha zaka zinayi, palibe anapondamo. Ndinavomera mokondwa, mpaka ndinakagula khasu latsopano, chikwanje ndi makeni awiri pa Chimbiya.

Nditafika ndinangoti kakasi. Udzu wondipitirira msinkhu, bango kumbali ya mtsinje, mpanda unagwa kalekale. Chitsime chinakwiririka, changotsala kadzenje ka madzi obiriwira momwe mukusambira ambululu. Ndinaliyeza ndi mapazi: 60 m'litali, 35 m'lifupi.

Ndatha milungu itatu ndikutchetcha, kenako ndinatentha. Pano nansongole waphuka bwinobwino ngati ndinachita kumufesa, ndipo tinsonga take tikuboola patapata mpaka kuphazi. M'manja muli matuza okhaokha. Azimayi a madimba oyandikana nawo akandiona amakodolana n'kumati, "Abwana a m'tauni afika." Dzulo ndinapita, ndinakhala pachulu, ndinadya mbatata yootcha imene ndinatenga ya masana, n'kubwerera osakhudza khasu.

Inu amene munayambapo dimba logonera chonchi, munkatani kuti musagwe mphwayi? Meyi akutha uyu, anzanga mbande zawo zili kale m'mabedi.

Gogo wa ku Tsangano

Mwana wanga, choyamba siya moto. Nansongole sapsa. Chimene watentha iwe ndi tsitsi lake lokha, mwini wake ali pansi. Takumba pamalo amodzi uone: upeza mizu yoyera, yolimba, yokhala ndi mfundo ngati kanzimbe, ikuyenda chopingasa. Mfundo iliyonse ikatsala m'nthaka imaphuka. Moto umangomuchotsera anzake omuphimba, ndiye amabwera ndi mphamvu zonse.

Chachiwiri, ndani anakuuza kuti ulime dimba lonse? Agogo ako sanalitsegule chaka chimodzi limenelo. Pita pafupi ndi chitsime, khoma zikhomo zinayi, manga chingwe, malo a mabedi awiri basi. Bedi m'lifupi likhale mita imodzi kuti dzanja lizifika pakati usanapondemo, m'litali mamita asanu. Kunja kwa chingweko usakuyang'ane, n'kwa njoka ndi achule mpaka Ogasiti.

M'kati mwa chingwemo galauza mozama, phwanya zibuma, tola mizu yonse ndi manja. Uiyanike pamwala kapena pachulu paja umakhalapo, iume gwa, ndiye uitenthe. Usaiponye m'dzenje la manyowa ikadali yaiwisi, udzakhala ukudzala mdani ndi manja ako. Ukapezanso dawe, uja wa timibulu pansi, chimodzimodzi.

Ine ndinayamba kulima kachewere kuno ndili ndi ana awiri kale. Chaka choyamba ndinatsegula malo aakulu pofuna kuonetsa apongozi kuti ndine mwamuna, ndipo udzu unandilanda theka lonse. Ntchito ya m'mawa ndinkaiyeza ndi dzuwa, osati ndi kukula kwa munda: ndikalowa kusanache bwino, dzuwa likafika pamutu pa mtengo wa mkuyu ndaweruka, kaya ndalima pang'ono.

Za matuzazo, mpini watsopano umakhala waukali. Upale ndi galasi losweka, upakeko timafuta, ndipo usamaufinye ngati ukupha nkhuku.

NaLizulu

Agogo anena zoona za mizu, koma ine ndionjezere za m'mimba, chifukwa munthu salimbikira pa chinthu chimene sakudya.

Achimwene, musayambe ndi tomato. Ndikudziwa mukumusirira mukamadutsa pamsika pathu pano pa Lizulu ataunjikidwa m'mphepete mwa M1, koma tomato ndi mwana wolira. Akufuna mitengo yoimikira, kuthena, mankhwala, ndiye kuli kambozi kaja ka Tuta absoluta kolowa m'masamba ndi m'zipatso. Kuonjezera apo mukulowa mu Juni ndi Julaye, ndipo chisanu cha kwathu kuno ku Dedza ndi Ntcheu chimagona m'madambo. Kabichi nayenso ngakhale amapirira kuzizira, amatenga miyezi itatu. Mudzatopa kudikira.

Dzalani mpiru ndi repu. Musavutike ndi nazale ulendo uno. Azimayi omwe akukusekaniwo ali ndi mbande zotsala, pitani mukapemphe. Kuseka kwa kudimba n'kukupatsani moni, mukangoti "amayi, ndiphunzitseni" mudzaona okha akulowa m'bedi mwanu kukuonetsani katalikitsidwe kake. Mukawokera madzulo n'kuthirira bwino, pakangotha mwezi mwayamba kuthyola. Ndiwo yoyamba mukapatse amalume.

Komanso pamene mwagalauzapo pamera chisoso ndi bonongwe zokha. Musazule zonse, ndiwo zaulere zimenezo.

Wakabaza pa Dedza Boma

Inu nonse mwaiwala mbuzi. Anthu akangomaliza kukolola amazimasula, ndipo dimba lopanda mpanda ndi resitilanti yawo. Ine zinandidyera mabedi anayi a chayinizi tsiku limodzi ndili kumaliro, mwini mbuzi n'kumandifunsa kuti mpanda wanga uli kuti. Ndinasiya chaka chimenecho.

Bango muli nalo pomwepo, dulani mumange kampanda kozungulira mabedi awiriwo musanawokere kanthu.

Ndipo ine sindikuona chifukwa chodzizunzira. Ngati muli ndi kangachepe, lembani aganyu awiri agalauze dimba lonse masiku atatu, nkhani yatha. Walira mvula walira matope, bwana.

Gogo wa ku Tsangano

Za mpanda wanena bwino mnyamata wa njinga. Za ganyu ayi. Waganyu amalipidwa ndime, ndiye amadula mizu ya nansongole tizidutswatizidutswa n'kukwirira kuti pamwamba paoneke poyera. Pakatha milungu iwiri udzaona zimene wagula. Ndipo ngakhale atakulimira bwino, mabedi 20 adzathirira ndani ndi makeni awiri m'mawa ndi madzulo? Dimba lako ndi lomwe ungathe kulithirira, kwinako ndi tchire chabe la amalume ako.

Ngati ndalama ilipo, lipira anyamata akufukulire chitsime. Imeneyo ndiye ntchito ya ganyu, ndipo usalowemo wekha m'dzenje la matope popanda munthu pamwamba.

Udzu umene watchetcha kwinako usatenthenso. Wopanda njere uphimbire mabedi kuti chinyezi chisathawe, wotsala uunjike mokhuthala pamalo amene udzatsegule ulendo wotsatira. Nansongole amadana ndi mthunzi, ukadzafikapo udzapeza atafooka. Manyowa pempha a m'khola owolerana, osati ndowe zaziwisi, zimawotcha mbande. Mlangizi wa dera lanu angakuonetse kapangidwe ka manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kumanga m'thumba masiku 21.

Mdzukulu wa ku Linthipe

Zikomo kwambiri nonse. Ndachedwa kuyankha, netiweki kudambo kulibe.

Agogo, ndinakumba monga munanenera. Bedi limodzi lokha landitengera masiku anayi, ndipo mizu yomwe ndatolamo yadzaza thumba la feteleza la makilogalamu 50. Ndaiyanika pachulu, pokhala panga patha. Pogalauza ndinapezanso khasu lakale la agogo, lopanda mpini, litadyeka mpaka kutsala ngati chikhatho. Ndalitsuka, lili pawindo.

A NaLizulu, ndinapita kwa azimayi aja. Anayamba aseka kaye mpaka wina kugwira m'mimba, kenako anandipatsa mbande za mpiru zokulunga m'tsamba la nthochi. Mmodzi akuti ankathirira limodzi ndi agogo, ndipo wandionetsa pamene panali chitsime chachiwiri, pansi pa bango, chomwe akuti sichinkaphwa ngakhale mu Okutobala.

Mpanda ndamanga mbali zitatu, bango linandithera. Mbali yachinayi ndatchinga ndi minga kaye. Funso lina: mbande zinayi ndazipeza m'mawa uno zitadulidwa patsinde penipeni, zagona pansi ngati wina wadula ndi lumo. N'chiyani chimenechi?

NaLizulu

Ndi mbozi zodula mbande zimenezo, zimadya usiku. Fukulani ndi chala m'mbali mwa mbande yodulidwayo, muipeza itadzipinda, yotuwa. Iphani, muwokerepo ina. Mbande zotsala muli nazo?