Ma pancake anga akutuluka ngati chapati, ndithandizeni Loweruka lisanafike

Wophika wa pa Nchalo:
Anzanga a m'khitchini, ndagwa nayo. Lachisanu tikulandira banja la anthu 7 lochokera ku Blantyre, ndipo Loweruka m'mawa akupita kukaona nyama ku Lengwe. Mayi wa banjalo wapempha ma pancake ofutukuka, akuti ana ake anazolowera kudya amenewo Loweruka lililonse. Ndayesa kawiri sabata ino, onse atuluka opyapyala, potafuna ngati labala. Ndimathira makapu 2 a fulawa, mazira 2, mkaka, shuga ndi baking powder masupuni aang'ono 2. Ndimasakaniza usiku kuti m'mawa ndisachedwe. Ndikulakwitsa pati?

Wa tiyirumu ya pa Dyeratu:
Asisi, vuto mwalitchula nokha. Usiku? Ndi kutentha kwa kuno kuchigwa? Baking powder amayamba kutulutsa mpweya akangokhudza madzi, ndipo mpweya umenewo ndi umene umafutukutsa pancake. Akagona usiku wonse, wambiri wathawa kale. Zouma mukhoza kusakaniza usiku n'kuvindikira, koma mazira ndi mkaka muthire m'mawa, chiwaya chili pamoto.

Wophika wa ku Bangula:
Zoonadi. Komanso mayi, baking powder wanuyo mwakhala naye nthawi yaitali bwanji? Ine ndinataya fulawa wambiri chaka chatha ndisanadziwe kuti kachitini kanga kanafa kalekale. Ndinkakasunga pashelefu pafupi ndi mbaula, chivindikiro chosatseka bwino, ndiye chinyezi cha nthawi ya mvula chinalowa. Tengani theka la supuni yaing'ono, muthire m'kapu ya madzi otentha. Akachita thovu nthawi yomweyo ali moyo. Akangokhala duu pansi, tayani. Kuno ndi bwino kugula kakang'ono kotha msanga.

Wophika wa pa Nchalo:
Ndayesa pompano achimwene, thovu lilipo ndithu koma lofooka. Ndigula wina mawa. Nanga za labalazi?

Mayi wa makeke wa ku Ngabu:
Zimenezo ndi dzanja lanu mwanawe. Ife tinakulira pa mthiko, tinaphunzitsidwa kuti nsima ya mibulu ndi manyazi, ndiye chilichonse timatakasa mpaka chisalale. Fulawa wa tirigu safuna zimenezo. Mukamutakasa kwambiri amayamba kunanda ndi kukokeka, zomwe timazifuna pa buledi ndi mandasi, osati apa. Tembenuzani pang'onopang'ono mpaka ufa wouma usaonekenso, basi muleke. Timibulu tikatsala tisiyeni, timatha tokha pamoto.

Ine ndimapanga chonchi: fulawa makapu 2, shuga masupuni aakulu 2, mchere pang'ono, baking powder masupuni aang'ono 2, soda theka la supuni yaing'ono. M'mbale ina chambiko makapu 2, mazira 2 ndi majarini wosungunula masupuni aakulu 3. Chambiko ndiye chinsinsi changa, chifukwa kuwawasa kwake kukakumana ndi soda kumatulutsa mpweya wina woonjezera. Soda yake ndi yomweyi timathira m'therere, koma musapyoze muyezo, ikachuluka pancake amamveka sopo mkamwa. Chambiko chikasowa, finyirani supuni yaikulu ya ndimu m'kapu iliyonse ya mkaka, mudikire mphindi 10. Zosakanizazo zikhale zokhuthala ngati phala la mwana, zipume mphindi 5 zokha.

Wa tiyirumu ya pa Dyeratu:
Moto musauiwale. Magetsi akazima mupsereza kunja mkati muli mwauwisi ngati makala akulilima. Adikireni afiire, muwaze phulusa pang'ono pamwamba. Mafuta ongopaka ndi kansalu, si mandasi awa. Mutembenuze timabowo tikayamba kuphulika pamwamba, m'mbali mutauma. Kamodzi kokha, ndipo chonde musakanikize ndi chipande.

Wophika wa pa Nchalo:
Amayi a ku Ngabu, mwandigwira penipeni. Ndimatakasa mpaka mkono kuwawa, komanso ndimakanikiza kuti apse msanga. Ndiyesanso Lachinayi.

Wophika wa pa Nchalo:
Takhuta nonse! Ndayesa lero ndi chambiko ndi baking powder watsopano, akwera kufika msinkhu wa chala, mkati muli wofuwofu. Awiri oyamba anada chifukwa chiwaya chinatentha kwambiri, nditachepetsa makala ena onse atuluka bwino. Muyezo wanuwo wandipatsa 12. Kwa anthu 7 ndipange kawiri, eti?

Mayi wa makeke wa ku Ngabu:
Kawiri, koma padera padera. Wachiwiri musakanize woyamba ukatsala pang'ono kutha, ana aja azidya otentha.