Kamera imene achimwene anaikitsa kuchipinda kwa amayi inatembenuka yokha usiku

Nabanda wa ku Area 25

Abale, ndithandizeni nzeru. Achimwene anga ali ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Amayi atagwa kubafa mu Febuluwale chifukwa cha BP, iwo anatumiza pa basi timakamera tiwiri toyera tija tolumikiza ku wifi, totembenuza mutu ngati kadzidzi. Mnyamata wina wokonza mafoni ndiye anadzatiika, kena pabalaza, kena kuchipinda kwa amayi. Achimwene amaona zonse pafoni, amathanso kulankhulira momwemo. Poyamba tonse mtima unakhala pansi.

Lachitatu lapitali ndinagona komweko. Cha m'ma 11 koloko usiku ndinamva ka kuchipinda kaja kakutembenuka, kwiii, mpaka kanaloza pabedi. Kutacha ndinawafunsa achimwene, akuti anali pa shifiti ya usiku ndipo foni anaitsekera muloka. Nanga anakatembenuza ndani?

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti amayi ayamba kuvalira kuseri kwa chitseko, m'nyumba yomwe anamanga okha ndi malemu bambo. Mtsikana amene amawathandiza naye akumadyera kukhitchini chiimire. Odziwa zinthuzi, kodi zithunzizi zimathera pafoni ya achimwene basi, kapena pali enanso akuonera?

Woika makamera, Limbe

Achemwali, musayambe mwaopa. Makamera ambiri otere amatsatira okha chinthu chikasuntha, ndipo magetsi akathima n'kuyakanso amazungulira kaye mutu asanakhazikike. Kumbukirani ngati magetsi anaphethira usiku umenewo.

Koma funso lanulo n'lenileni. Chithunzi chikamachoka ku Area 25 kupita ku Joni, kawirikawiri chimadzera pa makompyuta a kampani yopanga kamerayo, kunja kwa dziko. Ndiye pali makomo atatu. Loyamba ndi pasiwedi: anthu amasiya ya kufakitale ija, admin kapena 123456. Mu 2014 webusaiti ina yotchedwa Insecam inkaonetsa poyera makamera oposa 70,000 a m'mayiko osiyanasiyana, ena a m'zipinda zogona, chifukwa eni ake sanasinthe pasiwedi. Lachiwiri ndi kampani yeniyeniyo. Mu 2023 kampani ya Ring, yomwe ndi ya Amazon, inavomera kulipira madola 5.8 miliyoni ku America, mwa zina chifukwa antchito ake ankatha kuonera mavidiyo a makasitomala, a kubafa ndi kuchipinda omwe.

Khomo lachitatu ndi lathu lomwe, ife oika. Ndinene chilungamo: ambiri timatsegula akaunti pa nambala yathu kuti ntchito ifulumire, kenako n'kungomugawira kasitomala. Zikatero mwini kamera ndi woikayo, achimwene anuwo ndi alendo chabe. Tsegulani app, onani mndandanda wa mafoni olumikizidwa. Mukakayika, uzani mnyamatayo achotse kamerayo pa akaunti yake inu mukuona, dinani kabatani ka reset, mutsegule akaunti yatsopano pa nambala yanu.

Mtchona wa ku Germiston

Musawaweruze achimwene anuwo. Ine mayi anga anamwalira ndili kuno, uthenga ndinaumva patapita maola asanu ndi awiri. Munthu ukakhala kutali, foni ikangolira usiku mtima umaima. Kamerayo kwa iwo ndi njira yokhalira pafupi. Konzani za pasiwedizo, koma musaichotse.

Anaphiri, Zomba

Bambo a ku Germiston, pepani ndi za mayi anu, ndakumvani. Komabe ine ndikufunsa chimodzi: amayiwo anafunsidwa? Kwathu kuno mwana wamwamuna wamkulu salowa kuchipinda kwa mayi ake, amaima pakhomo n'kuodira. Lero diso lake lili pamwamba pa wadilopu usana ndi usiku, ndipo tikutcha chimenecho chisamaliro. Ngakhale pasiwedi ikhale yolimba chotani, mayi wovalira kuseri kwa chitseko walandidwa kale kanthu. Mtsikana wantchitoyonso ndi munthu. Anauzidwa kuti akujambulidwa ndi mawu omwe?

Za malamulo, gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act, lomwe oyang'anira ake ndi MACRA. Limakupatsani mphamvu yofunsa kampani zimene ikusunga zokhudza inu, n'kupempha kuti zifufutidwe. Zimenezi n'zothandiza pa banki kapena kampani ya mafoni yomwe ili ndi ofesi mumzinda muno. Koma kampani ya kamera yogulidwa ku Joni, yomwe dzina lake ngakhale pa katoni silikuoneka bwino, mukaidandaulira pakhomo liti? N'chifukwa chake ine ndikuti ya kuchipindayo ichoke lero. Ngati nkhawa ndi kugwa, mtsikanayo azigona chipinda choyandikana, amayi akhale ndi belu pafupi ndi pilo.

Nabanda wa ku Area 25

Zikomo nonse. Dzulo ndinapitako. Magetsi usiku uja sanathime, ndafunsa aneba. Akaunti inalidi pa nambala ya mnyamata uja, ndipo pa mndandanda panali mafoni atatu: yake, ya achimwene, ndi ina yomwe iye akuti ndi foni yake yakale imene anagulitsa. Miyendo inandizizira. Ndinamuimirira mpaka anachotsa zonse, kenako ndinachita monga ananenera a ku Limbe.

Ndinakhala pansi ndi amayi n'kuwafunsa chimene akufuna. Anati ya pabalaza ikhale, koma iloze kukhomo, osati pampando pawo. Ya kuchipinda anaimangira okha m'chitenje n'kuiika pansi pa sutikesi. Achimwene ndawalembera zonse, awerenga, sanayankhebe. A ku Limbe, mavidiyo a kuyambira Febuluwale aja, pali njira yodziwira ngati munthu wogula foni ija anawasunga?