Buleki ikumira ndikaima pa maloboti, ndisinthe master cylinder yonse kapena kit yokha?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Corolla NZE121 ya 2004, yaotomatiki. Patha masabata awiri tsopano, ndikaima pa maloboti phazi lili pa buleki, chopondera chimamira pang'onopang'ono mpaka pansi, galimoto n'kuyamba kukwawa yokha. Ndikachotsa phazi n'kupondanso mwamphamvu imagwira bwinobwino. Lachiwiri pa Ginnery Corner ndinangotsala pang'ono kugunda minibasi kumbuyo, kondakitala anachita kundiyang'ana ngati ndalawa.

Ndinapita nayo kugalaja ina kwathu kuno. Anasintha ma pad akutsogolo, kenako mnyamata wawo anakhala pampando n'kumapopa buleki mpaka pansi, abwana ake akuchotsa mpweya kumateyala. Chichokereni kumeneko vuto langokulirakulira. Ndabwererako dzulo akuti ndi master cylinder (pampu yomwe imakankha mafuta a buleki kupita kumateyala ukaponda), ndipo andipatsa zosankha zitatu: kugula kit ya marabala okha, kugula yochotsa pagalimoto ina ku Limbe, kapena yatsopano yomwe mtengo wake wandiumitsa pakamwa. Pansi pomwe imagona sipadontha kanthu, koma brake fluid (mafuta a bulekiwo) ndawonjezerapo kamodzi. Loweruka ndikuyenera kupita ku Nchalo kuchinkhoswe, ndatenga mayi anga ndi ana awiri. Ndichite chiyani?

Dalaivala wa thiraki:
Achimwene, zina tikambirana koma ulendo wa ku Nchalo ndi buleki imeneyo iwalani. Chitsikireni phiri lija mpaka pa Thabwa phazi silichoka pa buleki, ndiye yanuyo imamira mukangoigwirizira. Mukufuna mudzapopere pakona? Ngati sinakonzedwe pofika Lachisanu, mayi akwere basi.

Makaniko wa ku Biwi:
Bwana, mmene mwafotokozeramu ndi master ndithu, koma yesani kaye musanatulutse ndalama. Galimoto ili chiimire, injini ikulira, pondani buleki mopepuka n'kungogwira osapopa. Ikamamira koma mateyala onse ali ouma, ndiye kuti marabala amkati atha, fluid ikungozembera m'mbali mwa pisitoni m'malo mokankha. N'chifukwa chake mukaponda mwamphamvu imagwira, rabala imatambasuka n'kutseka kwakanthawi. Mpweya sutero ayi, mpweya umapangitsa buleki kukhala yofewa ngati siponji kuyambira pamwamba.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi fluid yomwe mwawonjezerayo. Master ikamaphonya mkati mokha, fluid sichepa. Ndiye pali pomwe ikupita. Chotsani ma drum akumbuyo muone ngati ma wheel cylinder, timasilinda tokankha buleki mkati mwa drum, sakunyowa. Kenako yang'anani pomwe master yamangidwa ku booster, chimbale chakuda chija chili kuseri kwake. Penti ikakhala yotupa kapena yosupuka pansi pake, rabala yakumbuyo ikudontheza, ndipo nthawi zina fluid imathera mkati mwa booster osafika pansi.

Mwini funso:
Zikomo madala. Ndatuluka ndi tochi pompano. Pansi pa master penti ya booster yasupuka ngati yathiridwa madzi otentha, ndipo ndikapisa chala pakunyowa. Koma bwanji zinakula atangochotsa mpweya?

Makaniko wa ku Biwi:
Galimoto ya zaka zimenezo pisitoni imayenda kamtunda kochepa komweko tsiku ndi tsiku. Kutsogolo komwe safikako kumakhala litsiro ndi dzimbiri, makamaka ngati fluid sinasinthidwe zaka zambiri, poti imayamwa chinyontho. Mnyamata uja popondereza mpaka pansi anadutsitsa marabala okalamba pamalo okhakhalawo. Vuto linalipo kale, iye anangomalizitsa. Ife timaika kathabwa pansi pa chopondera kuti chisafike kumapeto.

Mayi wa Sienta:
Ine kit sindingakulimbikitseni. Ndinaikitsa pa yanga, patangotha miyezi itatu buleki inayambanso kumira, ndalama ya makaniko ndinalipira kawiri. Atatsegula anapeza mkati muli mizere. Mwinatu inali kit yachinyengo, kaya.

Wogulitsa masipeya:
Mayi, si kit iliyonse yoipa. Imagwira ngati mkati mwa cylinder muli see ngati galasi. Mukangopezeka kamzere kogwira chikhadabo, rabala yatsopano idyekanso. Bwana wa Corolla, mukasankha yochotsa pagalimoto ina nyamulani yakaleyo mukafananize pakauntala: mabowo a mapaipi ali mbali iti, ndi angati, pulagi ya waya wa pakabotolo ikufanana. Za ABS (makina oletsa mateyala kumangika ukaponda buleki mwamphamvu) ndi zopanda ABS zimatha kusiyana ngakhale galimoto ndi imodzi. Ndipo mugwirizane kuti ikakana mubweza. Ambiri amakana zimenezo, akakana chokanipo.

Dalaivala wa thiraki:
Yakale imeneyo yakhala pashelefu nthawi yaitali bwanji ili youma? Marabala ake ndi amsinkhu womwewo ndi anuwo. Ine pa buleki ndimagula chatsopano, kaunjika ndimagula magalasi ndi zitseko.

Wina wa ku Mzuzu:
Thirani fluid ya DOT 5 ndi yamphamvu, vuto litha.

Makaniko wa ku Biwi:
Ayi ayi, musayerekeze. DOT 5 ndi ya silikoni, sisakanizidwa ndi DOT 3 kapena DOT 4. Werengani pachitsekerero, pa Corolla imeneyo palembedwa DOT 3, ndipo DOT 4 imalowanso. Botolo likhale losatsegula.

Pomanga, uzani makaniko wanu achotse mpweya mu master isanakwere pagalimoto. Amaimanga pa vice, kuthira fluid, kulumikiza timapaipi tobwerera m'kabotolo, n'kumakankha pisitoni pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya. Akalumpha pamenepa mupopa tsiku lonse buleki osalimba. Manati a mapaipi amasule ndi sipana ya mapaipi ya 10, yokamwa wamba imawadya makona. Fluid ikadonthera papenti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo. Master ikachoka asuzumire mu booster, ngati muli fluid aipope, ndipo ngati yakhalitsamo booster nayo ili pangozi. Akamaliza kuchotsa mpweya kumateyala onse anayi, kuyambira lakutali, yendani pang'ono kenako mukweze pajeke muone ngati mateyala akuzungulira momasuka. Akamagwira, kandodo ka booster kakukankha master mopitirira.

Mwini funso:
Ndamva nonse. Ndayimbira mlamu wanga wandibwereka ndalama yotsalayo, mawa m'mawa ndikagula yatsopano, ndipo ndikakhala pomwepo akamamanga. Ma drum akumbuyo atsegulanso. Mayi ndawauza kuti ikapanda kutheka tikwera basi, ayankha kuti iwo anakonzeka kale basiyo chifukwa galimoto yangayi sanaikhulupirirepo. Funso lotsala madala a ku Biwi: fluid ndigule mabotolo angati kuti tisinthe yonse?

Makaniko wa ku Biwi:
Lita imodzi ikwana. Yakaleyo ituluke mpaka muone yoyera ikubwera kuteyala lililonse.