Kuziziritsa kompyuta ndi madzi, ndigule kapena ndisiye?

Anzanga odziwa za makompyuta ndithandizeni nzeru. Ndili ku Matawale kuno, desktop yanga ndimakonzera mavidiyo a maukwati ndiye ndi kutentha kwa Okutobala uno ndikangoyamba ntchito processor ikumafika madigiri 90, fani kulira ngati chigayo mpaka makina kuzima okha vidiyo ya kasitomala ili pakati. Fumbi ndinachotsa, thermal paste (phala lopaka pa processor kuti kutentha kuzichoka msanga) ndinasinthanso koma sizikuthandiza. Ndaona ambiri masiku ano akuika AIO ija (choziziritsira processor ndi madzi), ya pampu ndi radiator ya 240mm, madzi ake amabwera otsekeredwa kale m'mapaipi. Mantha anga ndi oti ikadzadontha pa motherboard basi ndagwa nayo, yogulira ina ndilibe ine. Inu amene munaika, pampu yake imakhala zaka zingati isanafe? Nanga ikupezeka ku Blantyre kapena mpaka kuitanitsa ku Johannesburg?