Breaker yasiya kugwa: za makina anga a espresso aja

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake breaker yakukhitchini (kaswitchi kamene kamadula magetsi kokha akachuluka pa waya) inkagwa m'mawa ndikayatsa makina a espresso. Zikomo kwambiri nonse amene munayankha, makamaka inu achimwene amene munati ndiyambe ndawerenga kachitsulo kolembedwa pansi pa makinawo.

Ndinawapendeketsa, tochi kumanja, n'kupeza palembedwa 2,400 W (ma watt, mphamvu imene makinawo amadya). Pa magetsi a 230 V amenewo ndi ma amp 10 n'kanthu. Ketulo imakoka pafupifupi 10 enanso, tosita 4, ndipo zonsezi zinali pa mzere umodzi wa breaker ya 16 A, kutanthauza ma amp 24 pa breaker yoyenera ma amp 16 okha. Chimene chinkandisokoneza n'chakuti sinkagwa pomwepo, inkayamba yatentha kaye kwa mphindi zingapo, ine n'kumaganiza kuti makina ndiwo afa.

Ena munati ndingoika breaker yokulirapo. Pepani, zimenezo sindinatsate. Amisiri amagetsi amene ndinawaitana anandiuza kuti breaker imateteza waya wa m'khoma, ukaikuza waya ali yemweyo ndiye kuti ukuitana moto. Anakoka mzere wa makinawo paokha: waya wa 2.5 mm², breaker ya 16 A, RCD ya 30 mA (chida chodula magetsi akayamba kutayikira kunja kwa waya, monga kudzera m'thupi la munthu) poti apa madzi ndi magetsi zayandikana. Earth, waya wachitetezo wopita m'nthaka uja, anaiyezanso.

Padutsa masabata atatu, sinagwenso ngakhale kamodzi.

Kwa amene mukuvutika chimodzimodzi, chotsani extension. Yanga pulagi yake inali itayamba kale kuda m'mbali mwa mapini, ikununkha pulasitiki wopserera, ine osadziwa.