Criminology ana amaisankhiranji ku yunivesite?

Wofunsa: Abale, mng'ono wanga walimbikira zoti akapange criminology, maphunziro a za umbanda. Kodi kosi imeneyi amaikonderanji, si ya upolisi basi?

Yankho 1: Ayi achimwene. Ambiri amakopeka ndi mafilimu a ofufuza milandu koma akalowa m'kalasi amakumana ndi sociology, psychology, malamulo, ma statistics omwe, nkhani yaikulu ndi yoti munthu amapalamuliranji.

Yankho 2: Ine chinandikoka ndi mkangano umenewo. Katswiri wina dzina lake Lombroso wa ku Italy mu 1876 ankati chigawenga chimachita kubadwa, mpaka kumayeza zigaza za akaidi, koma katswiri winanso, Sutherland, anadzati ayi, umbava munthu amatengera kwa amene amayenda nawo. Ine ndili mbali ya Sutherland.

Yankho 3: Enanso anaona m'bale wawo akungobwererabwerera kundende, ndiye amafuna ntchito yothandiza akaidi akatuluka asakapalamulenso. Musamuletse mwanayo.