Land Rover ya madala ikumira m'petulo, Zenith yandithetsa nzeru

Wa ku Chinamwali:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pagalaja pano pali Land Rover Series III ya petulo, injini ija ya 2.25, kabuleta yake ndi Zenith 36IV. Eni ake ndi madala ena opuma pantchito a kumtunda njira ya ku Chawe, ndipo galimotoyi amaisamala ngati mwana. Ikumwa petulo mopanda chisoni, kumbuyo utsi wakuda bii, fungo mpaka m'kabini. Mapulagi ndikawapukuta m'mawa, pofika masana adzaza kale mwaye, ena onyowa. Ikakhala yozizira imalira bwinobwino, koma ikatentha n'kuizimitsa pang'ono, kuti ilirenso mpaka batire kufooka. Ndamasula kabuleta kawiri, majeti onse (timabowo todutsa petulo) ndatsuka, needle valve (kotsekera petulo mbale ya m'kabuleta ikadzaza) ndaika yatsopano yomwe ndinakatenga ku Limbe. Kusintha kwake n'kochepa. Madalawo abwera Loweruka, ndipo sindikufuna kuwauza kuti agule kabuleta ina ndisanadziwe chomwe chikudwala.

Wa ku Matawale:
Achimwene, tiyambe ndi zapafupi. Choko chikutseguka chonse mukakankha batani? Waya wake ukachita dzimbiri umasiya chitseko cha mpweya cha chokocho chili chopendekeka. Onaninso air cleaner. Ya galimoto imeneyo ndi ija ya oyilo, ndipo anthu amathira kupitirira mzere kapena amaisiya mpaka matope kuuma m'kati. Injini ikamabanika imakoka petulo wambiri.

Wa ku Chinamwali:
Zonsezo ndinaona mayi. Choko chikuima chilili, ndipo ndinaliza injini nditachotseratu paipi ya air cleaner, utsi ndi womwewo.

Wa ku Thondwe:
Nanga pampu ya petulo? Sanaikepo yamagetsi? Ine chaka chatha ndinalimbana ndi Datsun masiku atatu, kumapeto n'kupeza kuti wina anamangirira pampu yochokera m'galimoto ya injection. Imene ija imakankha ma psi 40 kapena kuposa, pomwe kabuleta imafuna awiri kapena atatu basi. Palibe needle valve ingatseke mphamvu yotero.

Wa ku Chinamwali:
Pampu ndi yake yomwe ija, ya pambali pa injini, yokhala ndi kagalasi kunsi. Koma mwandikumbutsa, mukagalasimo ndinapezamo fumbi lofiirira ndi timadontho ta madzi pansi. Madalawo akuti nthawi yomwe mafuta ankasowa anathirapo a m'zigubu kangapo.

Wa ku Mpondabwino:
Bwana musadzivutitse. Pindani kalilime ka fuloti, kachoyandama ka m'mbale ya kabuleta, kuti petulo azikhala wotsika m'mbale, vuto latha. Zikakanika ikani kabuleta ina ya Weber 34ICH, imakwana bwino pa injini imeneyo ndipo ambiri anasinthira kumeneko.

Wa ku Songani:
Iyayi mphwanga, fuloti musaipinde mwachimbulimbuli. Galimoto imeneyo imakwera Chawe. Mukatsitsa petulo m'mbale kuti mubise vuto, pansi pano izioneka ngati yachira, koma pamtunda paja ikafuna mphamvu iyamba kudukiza, madalawo n'kutsala pakona ndi katundu. Weber ndi yabwino, sindikana, koma ndalama zake n'zambiri ndipo sitinadziwebe ngati Zenith yafadi.

Ine ndikuona ngati matenda ndi awiri. Oyamba ndi fumbi lofiiralo. Limenelo ndi dzimbiri la m'thanki, ndipo kachidutswa kamodzi kokha kakakhala pakamwa pa needle valve, ngakhale yatsopano, sitseka. N'chifukwa chake mutasintha zinapepukako osatha. Kuti mudziwe, injini ili yozima, popani ndi dzanja kachogwirira kaja ka pansi pa pampu. Mbale ikadzaza kamafewa n'kusiya kukoka. Mukaona petulo akutuluka pamwamba kapena akutsikira kukhosi kwa kabuleta pomwe mukupopa, valve sikutseka kapena fuloti yamira. Ichotseni fulotiyo muigwedeze pafupi ndi khutu, kenako muimize m'madzi otentha. Ngati yabooka muona tithovu. Msinkhu wake pa Zenith imeneyo ndi mamilimita 33, kuyeza kuchokera pa gasiketi kufika pamwamba pa fuloti mutatembenuza chivindikiro. Yezani ndi rula, osati ndi maso.

Achiwiri ndi matenda a mtundu wa 36IV, amene tonse tinagwirapo Land Rover zakale timawadziwa. Chitsulo chake n'chofewa. Ndi kutentha kwa zaka zambiri komanso anthu omanga masikuluu ngati akumanga tayala, nkhope zomwe zigawo za kabuletayo zimakumanirana zimapindika. Pakati pake pali ka O-ring, kamphete ka labala, pamene emulsion block (chigawo chokhala ndi majeti) imakumana ndi thupi la kabuleta. Kakauma kapena nkhope zikapindika, petulo amazemba majeti n'kulowa kukhosi mwachindunji. Mutha kutsuka majeti mpaka Khirisimasi, iye akudutsa njira ina.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Injini itenthe, izilira payokha, ndiye muzilowetsa sikuluu ya mixture, yosinthira kuchuluka kwa petulo, pang'onopang'ono mpaka ifike kumapeto, osaikakamiza chifukwa nsonga yake imaonongeka. Kabuleta yabwino injini imajejema n'kuzima. Ikapitiriza kulira ngati palibe chachitika, dziwani kuti ikudya kwina.

Wa ku Matawale:
Ndiwonjezerepo pa mawu a bambowa. Poyang'ana kukhosi injini ikulira, gwiritsani ntchito kalilole ndi tochi, nkhope musaike pamwamba pake. Ikabwezera moto nsidze zimapita, mwinanso maso. Ndipo petulo amene akudontha pa injini imeneyo akugwera pafupi ndi manifold ya ekizozi, zonse zili mbali imodzi. Chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga ikhale pafupi, ana a sipanala asayandikire ndi fodya.

Wa ku Chinamwali:
Ndayesa zonse ziwiri. Fuloti ndi yabwino, msinkhu unali pafupi ndithu, ndangokonza pang'ono. Popopa ndi dzanja sikukusefukira tsopano nditatsukanso valve. Koma sikuluu ya mixture ndalowetsa yonse, injini osasintha n'komwe kaliridwe. Pakalilole ndikuona madontho akugwa kukhosi, tho tho, ngati mpopi wosatseka bwino. Bambo a ku Songani, mwalasa. O-ring ndaipeza yaphwatalala, youma, ndipo pogwira yangothyoka. Kawiri konse ndinamasula koma sindinaiganizire.

Wa ku Songani:
Si inu nokha, ambiri timayamba ndi majeti. Tsopano chitani izi modekha. Pezani galasi lochindikala losalala, la luvazi limachita. Yalanipo sandipepa wamadzi wosalala, wa 400 kapena pamwamba pake. Chotsani chilichonse chotumphuka pankhope ya chigawocho, pakani inki ya maka pankhope ponse, ndiye muzikhula mozungulira ngati mukulemba 8, dzanja lopepuka. Pomwe inki yatsalira ndi pomwe pali dzenje. Ikangotha ponse lekani, musadye chitsulo chambiri chifukwa sichibwerera. Mukatero tsukani bwino ndi kupemerera mpweya m'mabowo onse, mchenga wa sandipepa usatsalemo.

O-ring musagule ija ya mapaipi a madzi pamsika. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, zinayamba kale mu 1982, ndipo labala wamba amafufuma kapena kuuma msanga. Funani ya Viton, labala wopirira petulo, kapena ya m'kiti ya Zenith yeniyeni. Pomanga, masikuluu muziwasinthanitsa mopingasa, pang'onopang'ono, angogwira basi.

Wa ku Thondwe:
Musaiwale oyilo achimwene. Galimoto yomwe yakhala ikumira chonchi petulo amatsika m'masilinda kukalowa mu sump, momwe mumakhala oyilo. Sololani dipstick mununkhize, muonenso ngati oyilo wakwera kupitirira mzere. Akatero wachepa mphamvu, mabeyaring'i ndi omwe amalipira. Mukasintha oyilo fungo n'kubweranso, kayikirani diaphragm, labala wa m'kati mwa pampu ya petulo, nayo ikang'ambika imathira petulo momwemo.

Wa ku Mpondabwino:
Chabwino akulu, ndagonja pa za fuloti. Koma paipi ya petulo aikepo kafyuluta kaja koonekera m'kati pakati pa pampu ndi kabuleta, kutali ndi manifold. Apo ayi sabata ziwiri abweranso.

Wa ku Chinamwali:
Ndabwera ndi lipoti. Nkhope inali yopindikadi, inki inatsala mbali imodzi yonse ndipo zinanditengera pafupifupi ola kuti ifanane. O-ring ndinaipeza m'kiti ina yomwe mayi a ku Matawale anasunga, zikomo kwambiri mayi. Tsopano sikuluu ya mixture ikumvera, ndikailowetsa injini ikuzima, ndikabweza ikukhazikika. Oyilo analidi ndi fungo la petulo, ndasintha pamodzi ndi fyuluta yake. Ndinaikweza mpaka ku damu la Mulunguzi, ndinaizimitsa ili yotentha, n'kudikira pang'ono, inalira kamodzi kokha. Mapulagi atuluka ofiirira, osati akuda. Chatsala ndi thanki. Ndawauza madalawo kuti Lolemba aibweretse ili ndi petulo wochepa kuti tiitsitse. Bambo a ku Songani, inu mumatsuka ndi chiyani thanki ya dzimbiri chonchi, timiyala ta mu Likangala kapena manati akale?

Wa ku Songani:
Manati, ndipo muwawerenge polowetsa kuti atuluke onse. Timiyala timakakamira kuseri kwa zitsulo za m'kati. Mukamaliza iume padzuwa tsiku lathunthu, ndipo ngati mupezapo bowo musayandikize moto, mundiimbire ndibwere tidzaione limodzi.